Momwe mungathandizire kuti ana aziphunziradi zaluso pa sukulu ya boma ya kwanuko

Makolo ambiri amene amafuna kuti ana awo aziphunzira kuimba, kuvina, kujambula, kuumba ndi zisudzo pa pulayimale ya boma amagwera m'maenje omwewo. Wina amagula makrayoni katoni yathunthu n'kukapereka ku ofesi ya ahedi, teremu n'kutha popanda mwana ndi mmodzi yemwe amene wajambula kanthu. Wina amadzuka pa msonkhano wa PTA n'kudandaula kuti ana sakuphunzira luso, anthu n'kuwomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Ena amayambitsa kalabu ya zisudzo yomwe imayaka moto kwa mwezi umodzi, mvula ikangoyamba n'kuzima.

Onsewa amaiwala kuti phunziroli lilipo kale. Pa thayimutebulo ya pulayimale ya boma pali Expressive Arts, phunziro lomwe linaphatikiza nyimbo, magule, zisudzo, kujambula, kusoka ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 limalowa m'pepala la Arts and Life Skills. Chimene chimachitika n'chakuti nthawi yake imadyedwa. Lero ana akusesa, mawa akubwereza masamu, mkuja akukopera manotsi a momwe ng'oma imasemedwera koma ng'omayo osaikhudza. Ntchito yanu ndi yobweza nthawi imeneyo kwa ana, ndiponso kuonetsetsa kuti zalembedwa penapake poti ngakhale ahedi atasamutsidwa zisafe.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

Anthu

- Anthu atatu kufika asanu amene mwagwirizana nawo. Mmodzi akhale wa komiti ya sukulu kapena PTA, wina wa gulu la amayi a mother group.
- Mphunzitsi mmodzi wa pasukulupo amene ali ndi mtima wa zaluso.
- Amisiri a m'dera lanu: oumba mbiya, oluka mphasa ndi madengu, osema, atelala, oimba ng'oma, otsogolera kwaya.

Mapepala

- Kope limodzi lolembamo zonse za ntchitoyi, lokhala ndi chikuto cholimba.
- Thayimutebulo ya kalasi yomwe mukufuna kuyambira.
- Silabasi ndi buku la mphunzitsi la Expressive Arts la kalasiyo. Mubwereke kwa ahedi kapena ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni yanu.
- Pulani ya chitukuko cha sukulu, yomwe ambiri amangoiti SIP.

Zipangizo zotola

- Dongo, mlaza, bango, nsungwi, khonje, luzi, makoko a chimanga, zikho.
- Makala ojambulira, mwaye, dothi la katondo ndi phulusa zopangira utoto.
- Ufa wa chinangwa wophikira guluu.
- Makatoni, matumba a simenti, zitini, zitsekerero za mabotolo, mawaya, tizidutswa ta nsalu tochokera kwa atelala.

Zipangizo zogula

- Masizasi angapo, singano, ulusi, mapensulo.
- Bokosi kapena thiranki yokhala ndi loko. Ichi chokha musachinyalanyaze.

## Gawo 1: Yambani mwaona kaye

Pitani kwa ahedi mukapemphe thayimutebulo, mulembe masiku ndi nthawi imene Expressive Arts imapezeka. Kenako kwa milungu iwiri, aliyense wa gulu lanu azifunsa mwana wake akaweruka tsiku limenelo. Funso lake likhale lakuti, "Lero pa Expressive Arts mwapanga chiyani ndi manja anu?" Mukafunsa kuti "Mwaphunzira?" mwana aliyense ayankha kuti eya. Lembani mayankho m'kope muja monga momwe mwana wanenera: tinaimba, tinakopera, tinatunga madzi, aphunzitsi kunalibe.

Chenjezo: musalowe m'kalasi popanda chilolezo, musajambule mphunzitsi pa foni, ndipo musatumize zimene mwapeza pa gulu la WhatsApp la makolo. Mukatero mwasanduka wapolisi, ndipo zitseko zonse zimene mudzafune patsogolo zatsekeka.

## Gawo 2: Pezani mphunzitsi wogwira naye ntchito

Pa sukulu iliyonse pamakhala mphunzitsi amene amayambitsa nyimbo pa asembule, kapena amene amajambula mapu ndi zithunzi zokhoma m'makalasi a anzake. Ameneyo ndiye wanu. Mufikireni mwaulemu, panthawi yopuma, mufunse chimene chimamuvuta pophunzitsa phunziroli, ndiye mukhale chete mumve.

Nthawi zambiri mudzapeza kuti si ulesi. Mphunzitsi mmodzi wa pulayimale amayembekezeka kudziwa nyimbo, gule, kusoka, kuumba ndi mpira pamodzi, pomwe ku koleji ya aphunzitsi nthawi yoyeserera zonsezi inali yochepa. Onjezerani kalasi yodzaza mpaka pakhomo, yopanda madesiki, yopanda pepala. Munthu amene sanaumbepo mphika chibadwire amachita manyazi kuima pamaso pa ana amene agogo awo ndi akatswiri oumba, ndiye amathawira ku bolodi ndi choko. Mukamvetsa zimenezi, kalankhulidwe kanu kadzasintha: mudzabwera ngati wodzathandiza kunyamula katundu.

Chenjezo: aphunzitsi amasamutsidwa. Kuyambira pachiyambi pemphani kuti pakhale wachiwiri woti aziona zonse zikuchitika.

## Gawo 3: Chitani kalembera wa amisiri, muwalumikize ndi silabasi

Apa ndi pamene dera lanu lili ndi chuma choposa chimene ofesi iliyonse ingatumize. Khalani pansi ndi amfumu kapena nduna zawo mulembe mayina a anthu odziwa luso, chimene amadziwa, ndi tsiku limene angapezeke. Musaiwale amayi okalamba odziwa nthano ndi nyimbo za pamtondo, anyamata opanga magalimoto a mawaya, munthu wopanga gitala ya chigubu kapena kaligo, woimba bangwe kapena mangolongondo ngati alipo.

Mukamaliza, tsegulani buku la mphunzitsi pamodzi ndi mphunzitsi uja, muone mitu ya teremu ikubwerayo. Pa mutu uliwonse lembani dzina la mmisiri amene angathandize. Izi ndi zofunika chifukwa ahedi sangalole chinthu chimene chili kunja kwa silabasi kuti chidye nthawi ya kalasi, koma sangakanenso munthu amene akudzathandiza kuphunzitsa mutu womwe uli kale m'sikimu ya mphunzitsi. Aphunzitsi onse amadziwa mawu akuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Atchuleni mawu amenewa, adzadziwa kuti mukulankhula chinenero chawo.

Pa nkhani ya magule, yambani ndi amene ana amawaona kale pa zisangalalo za kwanuko: chimtali, chitelele ndi mganda m'chigawo chapakati, beni ndi manganje kwa Ayao, tchopa kwa Alhomwe, ingoma kwa Angoni, malipenga ndi chilimika kunyanja, utse ndi likhuba ku Chigwa cha Shire. Sukulu ya m'tauni ili ndi mwayi wina, poti m'kalasi imodzi muli ana a mitundu yambiri, ndipo makolo awo angaphunzitse gule wa kwawo mosinthana.

Chenjezo loyamba: Gule Wamkulu si wa pabwalo la sukulu ngati magule enawa. Bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 pamodzi ndi Vimbuza, ndipo ana ayenera kumva za iye, koma ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Musauze ana kuti apange zigoba za gule kapena amuyerekeze. Ngati mutu wa m'silabasi ukukhudza guleyu, funsani amfumu kuti n'ziti zimene zinganenedwe poyera, ndipo akulu a mwambowo ndi amene asankhe wodzalankhula. Vimbuza nayenso ndi gule wa machiritso, si chisudzo choseketsa anthu.

Chenjezo lachiwiri: m'kalasi muli ana a mipingo ndi zipembedzo zosiyana. Pali makolo amene sangalole mwana wawo kuvina magule ena kapena kuimba nyimbo za mpingo wina. Musalimbane nawo. Mwana wotereyo apatsidwe ntchito ina m'phunziro lomwelo, monga kuluka zovala za ovina kapena kujambula, ndipo kholo lake mulifotokozere nokha nkhani isanafike kwa abusa kapena ashehe kudzera m'mphekesera.

Nkhani ya malipiro muikambe poyera tsiku loyamba. Mmisiri amene wasiya ntchito yake m'mawa wonse sayenera kubwerera chimanjamanja kenako n'kumadandaula kumbali. Ngati palibe ndalama, nenani kuti palibe, mugwirizane za sopo, chakudya chamasana kapena kuti amfumu amuchotse pa ntchito ina ya chitukuko ya m'mudzi mwezi umenewo.

## Gawo 4: Kumanani ndi ahedi muli ndi pempho limodzi

Pemphani nthawi pasadakhale. Musapite Lolemba m'mawa kapena sabata ya mayeso. Mupite anthu awiri kapena atatu, mmodzi akhale wa komiti, ndipo pempho lanu likhale laling'ono loti munthu angavomere pomwepo. Mungathe kunena chonchi:

"Ahedi, tabwera ngati makolo. Taona kuti Sitandade 5 ili ndi Expressive Arts Lachitatu. Tikupempha kuti teremu ino nthawi imeneyi isamatengedwe ndi ntchito ina. Ife tibweretsa dongo ndi mlaza, ndipo tapeza amayi awiri oti azidzathandiza aphunzitsi. Kwa inu tikungopempha chilolezo ndi pakona posunga bokosi lathu."

Siyani pempholi lolembedwa pa pepala, inu musunge lina m'kope.

Chenjezo: musayambire Sitandade 8. Sukulu imayezedwa ndi chiwerengero cha ana osankhidwa kupita ku sekondale, ndipo ahedi, aphunzitsi ngakhale makolo anzanu sadzalola kuti mukhudze kalasi imeneyi. Musayambirenso Sitandade 1 kumene ana amachuluka kwambiri. Sitandade 5 kapena 6 ndiyo yabwino: ana akula moti angagwire sizasi ndi singano, ndipo mantha a mayeso sanafike.

## Gawo 5: Lowetsani zaluso mu SIP

Ili ndiye gawo limene anthu ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi ya teremu imodzi. Chaka chilichonse sukulu ya boma imayenera kukhala pansi ndi komiti, PTA, amayi a mother group, mafumu ndi oimira ophunzira kuti alembe SIP. Ndalama za thumba la SIG zimene boma limatumiza kusukulu zimagwiritsidwa ntchito motsatira zimene zalembedwa mu pulaniyi. Chimene sichinalembedwe sichigulidwa, ngakhale ahedi atachikonda chotani.

Funsani wapampando wa komiti kuti msonkhano wa SIP udzachitika liti, ndipo mupemphe kuti nkhani yanu iikidwe pa mndandanda wa zokambirana tsikulo lisanafike. Mukadikira "zina ndi zina" anthu adzakhala atatopa ndipo ena atanyamuka kale.

Lembani zimene mukufuna momveka ngati mmene amalembera za simenti ndi malata. Mawu akuti "kulimbikitsa zaluso" alibe mtengo, ndiye sadzapatsidwa ndalama. Lembani kuti: masizasi 10, mapaketi a singano 5, ulusi, loko 1, chikopa chokonzera ng'oma 2 za sukulu, mtengo wake mwakuti, malinga ndi mitengo imene mwafunsa m'sitolo ziwiri, woyang'anira ndi mphunzitsi wakuti ndi membala wa komiti wakuti, zigulidwe pofika sabata yakuti ya teremu yakuti.

Konzekerani kutsutsidwa, ndipo otsutsawo sadzakhala opusa. Wina adzati zimbudzi zadzaza, denga la Sitandade 3 likudontha, inu mukukamba za ng'oma? Akunena zoona, ndipo muvomereze. Ndalama za SIG n'zochepa ndipo nthawi zina zimachedwa. N'chifukwa chake pempho lanu liyenera kukhala laling'ono kwambiri poyerekeza ndi chimbudzi, ndipo muonetse kuti mbali yaikulu ya zipangizo mwatola kale kwaulere.

Wina adzati luso silidyetsa. Musayankhe ndi nkhani za oimba otchuka a pa wailesi, poti kholo lililonse likudziwa kuti amenewo ndi ochepa. Lozani anthu amene ali pa msonkhano pomwepo kapena pa msika wapafupi: telala amene amasoka yunifolomu ya ana omwewa, kalipentala, wolemba zikwangwani za masitolo, oluka mipando ya nsungwi ndi mlaza amene amagulitsa m'mbali mwa msewu, osema ziboliboli. Onsewa akudya ndi manja ndi maso ophunzitsidwa. Onjezerani kuti maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA amafuna mwana wodziwa kuyeza, kudula ndi kujambula chimene akufuna kupanga, kuti ku University of Malawi ku Zomba anthu amatenga digiri ya nyimbo, zisudzo ndi zojambula, ndiponso kuti mafunso a phunziroli amabwera pa mayeso a Sitandade 8. Mwana amene anaumbapo mphika sangaiwale chifukwa chimene umaumitsidwira pamthunzi.

Ine ndimaona kuti chifukwa chachikulu ndi china, ngakhale sichigwira mtima pa msonkhano wa ndalama. M'kalasi iliyonse muli ana amene masamu ndi Chingerezi zimawauza tsiku ndi tsiku kuti ndi mbuli. Ena mwa iwo ndi amene ng'oma imawamvera, kapena amene angajambule nkhope ya mnzawo n'kufanana. Mwana amene wayamikiridwa kamodzi pa sabata pamaso pa anzake amakhala ndi chifukwa chobwerera kusukulu mawa lake.

Zikavomerezedwa, onetsetsani kuti mlembi walemba mu maminitsi, ndipo muwerenge nokha zimene walemba musanachoke.

Chenjezo: musakhazikitse chopereka chokakamiza. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, ndipo mwana sayenera kubwezedwa kapena kukhazikidwa pambali chifukwa sanabweretse ndalama ya ulusi. Amene angathe apereke mwa kufuna kwawo, zilembedwe, ziwerengedwe poyera.

## Gawo 6: Konzani phunziro loyamba kuti lisagwe

Phunziro loyamba likasokonekera, ana n'kupakana matope, ahedi n'kumva phokoso ali mu ofesi, simudzapatsidwa lachiwiri. Piriyodi imodzi ndi yaifupi, pafupifupi theka la ola, choncho zonse zikhale zokonzeka belu lisanalire. Ngati n'kotheka pemphani kuti mapiriyodi awiri aphatikizidwe.

Tiyerekeze kuti mwasankha kuumba.

1. Akuluakulu akakumbe dongo masiku angapo phunziro lisanafike. Woumba wanu ndiye akudziwa pamene pali dongo labwino.
2. Alichotse miyala ndi mizu, alinyowetse, aliponde mpaka lifewe. Oumba ambiri amasakaniza ndi mapale osinja kuti chiwiya chisang'ambike pa moto. Likulungeni m'mapulasitiki kapena m'masamba a nthochi kuti lisaume.
3. Ligaweni m'mibulu yofanana, wa mwana aliyense, phunziro lisanayambe. Kugawa dongo ana akuyang'ana kumatha nthawi yonse.
4. Agaweni ana m'magulu a 8 kapena 10 pansi pa mtengo, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake ndi chitini cha madzi.
5. Mphunzitsi ndiye ayambe, anene mutu ndi cholinga. Mmisiri aonetse kwa mphindi zisanu zokha, kenako ana agwire. Mmisiri akakoma m'kamwa n'kuyamba kufotokoza mbiri ya moyo wake, mphunzitsi amudule mwaulemu.
6. Mwana aliyense alembe dzina lake pansi pa chimene waumba ndi kamtengo.
7. Siyani mphindi zomaliza zosamba m'manja ndi kusesa.
8. Zoumbazo ziume pamthunzi, pamalo potsekeka, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Padzuwa zimang'ambika.
9. Kuwotcha ndi ntchito ya akuluakulu, ana aziona ali patali.

Sabata yotsatira, zoumba zikuuma, mphunzitsi abwerere ku buku: ana alembe ndondomeko ya zimene anachita, ajambule chiwiya chawo, atchule mayina a zipangizo. Apa ndi pamene manotsi amakhala ndi tanthauzo.

Tsatani nyengo. Teremu yoyamba, kuyambira Seputembala, kumakhala kouma mpaka mvula itayamba cha mu Novembala, ndiye ndi nthawi ya dongo ndi utoto. Teremu yachiwiri ndi ya mvula, dongo silichedwa kuchita nkhungu ndipo pansi pa mtengo sipakhalika, choncho ikani nyimbo, nthano, zisudzo ndi kusoka. Teremu yachitatu anthu akolola, makoko a chimanga, mapesi, udzu ndi zikho zili mbwee, ndiye ndi nthawi yoluka ndi yopanga zoimbira.

Chenjezo: musatume ana kukakumba dongo m'maenje a kudambo kapena m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa maenjewa amagumuka. Musawatume kutchire okha kukadula mlaza kapena nsungwi. Mipeni ndi malezala zikhale ndi wamkulu, ziwerengedwe potulutsa ndi pobweza. Utoto wa m'zitini zakale za penti ya nyumba, zigubu za mankhwala a m'munda ndi mabatire ophwanya si zipangizo za ana.

Yang'aniraninso amene akutsala m'mbuyo. Mwana wachialubino akhale pamthunzi weniweni ndiponso pafupi ndi woonetsa kuti aone bwino. Mwana wosayenda angaimbe ng'oma kapena chisekese. Wosamva amaumba ndi kujambula ngati wina aliyense akaona ndi maso. Ndipo musalole kuti ng'oma ikhale ya anyamata okha, singano ya atsikana okha.

## Gawo 7: Ikani malamulo oteteza ana

Mukubweretsa anthu akunja pakati pa ana, ndiye izi zilembedwe ndipo mmisiri aliyense awerengeredwe asanayambe. Mlendo asakhale yekha ndi ana popanda mphunzitsi. Kuyeserera kuchitikire pasukulu, masana, osati kunyumba kwa mmisiri. Palibe kumenya kapena kutukwana mwana wolakwitsa sitepe. Palibe kujambula ana n'kuika pa Facebook popanda chilolezo cha makolo ndi ahedi. Wobwera ataledzera abwezedwe, ngakhale akhale katswiri wa ng'oma m'dera lonselo. Mayi mmodzi wa mother group azikhalapo nthawi zonse, ndipo ana auzidwe kuti angathe kumuuza chilichonse chowasowetsa mtendere. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116.

## Gawo 8: Onetsani makolo zimene ana apanga

Tsiku lotsekera teremu makolo amabwera kale kudzamva zotsatira, ndiye simufunika kuitanitsa msonkhano wina. Pemphani ola limodzi. Yalani mphasa, muikepo chilichonse chimene ana apanga, chokongola ndi chopindika chomwe, chili ndi dzina la mwini wake. Kholo limene linkati luso n'kutaya nthawi lidzafunafuna dzina la mwana wake.

Sankhani ana angapo afotokoze okha mmene anapangira. Itanani amfumu, a PEA (mlangizi wa maphunziro a pulayimale m'zoni yanu) ndi khansala, koma zolankhula zawo zikhale zazifupi. Thokozani amisiri powatchula mayina. Ngati zina zagulitsidwa, mwana avomere kaye, ndalama ziwerengedwe pamaso pa anthu ndipo zilembedwe m'kope.

Chenjezo: musalole kuti zaluso zisanduke kagulu ka ana 15 ovina bwino amene amatulutsidwa m'kalasi kukalandira alendo. Amenewo akugwiritsidwa ntchito, ndipo anzawo onse otsala sakuphunzira kanthu. Kanani nyimbo zotamanda chipani kapena munthu wofuna mavoti, ngakhale atalonjeza yunifolomu ya ovina.

## Gawo 9: Kwerani nayo nkhaniyi pamwamba

Mukakhala ndi teremu imodzi yooneka, tengani kope lanu mupite kwa a PEA ku TDC, mutadziwitsa ahedi. A PEA amayang'anira sukulu zonse za m'zoni ndipo amakonza maphunziro a aphunzitsi omwe ali kale pantchito. Pemphani zinthu ziwiri: kuti tsiku limodzi la maphunziro amenewa likhale la Expressive Arts, amisiri anu adzaphunzitse aphunzitsi a zoni yonse, ndiponso kuti akamayendera sukulu azionako phunziroli likuphunzitsidwa. Chimene woyendera amafunsa ndi chimene aphunzitsi amakonzekera.

Zofuna ndalama zambiri, monga chipinda chosungira zipangizo, zidutse ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) kuti zilowe m'mapulani a khonsolo, ndipo khansala ndi phungu apatsidwe kalata yosainidwa ndi komiti ya sukulu ndi amfumu. Wailesi ya m'dera lanu ingalandire ana kuti adzaimbe kapena kuchita kasewero, makolo atavomera.

Ngati sukulu ili pafupi ndi malo a chikhalidwe, ulendo umodzi pa chaka umatsegula maso a ana: Kungoni ku Mua m'boma la Dedza kumene kuli zosema ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, zojambula za pamiyala za ku Chongoni zomwe zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, kapena ya ku Karonga. Ulendo wotere umafuna chilolezo cha ofesi ya maphunziro ndi cha kholo lililonse, ndiye yambani kukonza teremu yathunthu pasadakhale.

## Zolakwika zimene zimapha ntchitoyi

Kudikira bungwe. Anthu amalemba makalata opempha makiyibodi ndi magitala, n'kukhala chaka akudikira yankho pomwe dongo lili kuseri kwa sukulu. Thandizo lakunja likabwera pa ntchito yomwe ikuyenda kale limapindula. Likabwera pamalo pouma limathera mu ofesi, kiyibodi n'kumadikira magetsi amene pasukulupo palibe.

Kulanda kalasi. Mmisiri kapena kholo lodziwa zambiri limayamba kuphunzitsa lokha, mphunzitsi n'kukakhala mu ofesi kuchonga makope. Tsiku limene mmisiriyo adzadwale, phunziro latha. Mphunzitsi azigwira nawo dongo, kuti chaka chamawa adzathe yekha.

Kuika zonse pa kalabu ya masana. Ana okhala kutali, atsikana amene akudikiridwa ndi ntchito zapakhomo, ndi ana amene sanadye kanthu m'mawa sangatsale akaweruka. Kalabu ndi yabwino ngati chowonjezera, koma phunziro la m'kati mwa thayimutebulo ndi limene limafika kwa mwana aliyense.

Kudumpha ahedi. Kukadandaula ku ofesi ya maphunziro ya boma kapena pa wailesi musanalankhule ndi sukulu kumabweretsa chidani chimene chimatenga zaka. Tsatani makwerero: mphunzitsi, ahedi, komiti, a PEA, kenako ofesi ya boma.

Kukonzera ana ntchito yawo. Pofuna kuti chionetsero chikongole, akuluakulu amawongola miphika ya ana usiku kapena kuika zawo. Ana amadziwa, ndipo chimene amaphunzirapo n'chakuti manja awo ndi osakwanira.

Kupereka mphotho kwa atatu okha. Mpikisano uli ndi malo ake, koma mukauyamba msanga ana ambiri amaleka kuyesa. M'chaka choyamba yamikirani kalasi yonse.

Kusasiya zolembedwa. Komiti zimasinthidwa, ana anu amamaliza Sitandade 8, inunso mudzachoka. Kumapeto kwa teremu iliyonse werengani zimene zili m'bokosi, mulembe zimene zasowa, mayina a amisiri amene akadali okonzeka kubwera, ndi mitu imene yaphunzitsidwa. Kiyi mmodzi akhale ndi mphunzitsi, wina ndi membala wa komiti. Pamene komiti yatsopano ikulandira maudindo, kope ndi kiyi ziperekedwe pa msonkhano womwewo, ndipo mlembi alembe mu maminitsi kuti zaperekedwa kwa yani.